Kalavani ya NyaGausi

Elube Gausi anaipeza kalavaniyo ku Chikangawa, kuseri kwa shedi yochekeramo matabwa, tsiku limene anapita kukagula mapulanga a denga la khitchini yake. Inali itatitimira mu utuchi mpaka matayala osaoneka, mawindo atada ndi fumbi, ndipo mkati munkagona nkhuku za mlonda wa pamalopo. Elube anaiwala za mapulanga. Anaizungulira akugogoda m'mbali ndi chala, kenaka anagwada n'kusuzumira kunsi.

Mwini shediyo, a Cedric, anamupeza ali chigwadire.

"Mama, mwataya chiyani kumeneko?"

"Chinthu ichi n'cha ndani?"

"Ndinachipeza pompano pamene ndinkagula malo ano. Amati anachisiya mzungu wa zankhalango kalekale, paini uyu akubzalidwa kumene. Mukuchifuna? Ndi khola la nkhukutu limenelo."

"Chitsulo cha kunsi chidakali cholimba," anatero Elube akudzisansa utuchi m'mawondo. "Tchulani mtengo."

Elube anali atangobwerera kwawo ku Mzimba kuchokera ku Joni, kumene anagwira ntchito ya m'nyumba kuyambira ali mayi wa mwana mmodzi mpaka imvi zitayamba. Mabwana ake kumeneko anali ndi kalavani. Disembala aliyense Elube ndiye ankailongedza: zofunda, mapoto, zakudya za m'zitini, mpaka mbale ya galu. Banjalo linkanyamuka kupita ku nyanja ya mchere, iye n'kutsala akulondera nyumba. Likabwerako, iye yemweyo ankasesa mchenga m'makona, kuchapa makatani ndi kukwecha sinki. Kalavaniyo ankaidziwa kuposa eni ake, koma sanakwerepo ikuyenda, ngakhale kungofika pa geti. Galu ndiye ankapita.

Kalavani ya ku Chikangawa inafika pa boma ili pamwamba pa lole ya matabwa ya a Cedric, nthenga za nkhuku zikuuluka m'mawindo. Anthu a m'dera la kwa Elube anatuluka kudzaonerera ikutsitsidwa. Ena ankati NyaGausi akufuna kutsegula shopu, ena ankati ku Joni kwamuzunguza mutu. Amene anaseka kwambiri anali mlongo wake wamng'ono, Louis, yemwe anali ndi pikiapu yonyamula katundu wa anthu pa msika.

"Adumbu," anatero Louis akupukuta misozi ya phwete, "anzanu akabwera ku Joni amagula minibasi. Inu mwagula manyi a nkhuku."

Elube anamufulatira. Anali atatenga kale fosholo.

Ntchitoyo inatenga chilimwe chonse, dzinja lonse, n'kulowanso m'chilimwe china. Anaitana a Feston, kalipentala wachikulire wa kuseri kwa msika, amene poyamba anakana, kenaka n'kuikonda kalavaniyo mwina kuposa mwini wake. Pansi ponse panali patawola, moti anazula n'kuyala matabwa atsopano. Makoswe anali atadya mawaya onse. Timakabati anatipasula kamodzikamodzi, a Feston akusunga kamtengo kalikonse kamene kanali ndi moyo, chifukwa ankati mtengo wotere sapezekanso. Elube ankapala, kupukuta ndi kupaka vanishi mpaka zala kusupuka. Kambaula ka gasi ka mapuleti awiri anakamasula, n'kukanyika m'palafini, n'kukatsuka ndi mswachi mpaka katayaka lawi lobiriwira ngati kale. Matayala anakawapeza ku Mzuzu atayenda m'magalaja ambirimbiri. Makatani ndi makushoni anasoka yekha.

Chovuta kwambiri chinali denga. Linali la aluminiyamu, lopindika ngati msana wa fulu, ndipo linali lisanabowoke paliponse ngakhale linakhala pa mvula ya kumapiri a Viphya zaka zonsezo. A Feston analetsa aliyense kuliponda. Ankalitsuka ataima pa makwerero, atatambalitsa mkono. Pamene anapala ndere ndi dzimbiri m'mbali, anapeza mtundu wake weniweni: woyera ngati mkaka, ndi mzere wobiriwira wodutsa pansi pa mawindo. Elube anakasakanizitsa penti mpaka inafanana ndi yakaleyo.

Itatha, anthu aja amene ankaseka anayamba kubwera ndi mafoni kudzajambulitsa. Louis naye anasintha nyimbo. Anawotcherera chokokera kumbuyo kwa pikiapu yake, ndipo analonjeza kuti zisankho zikangodutsa adzamukoka mlongo wake mpaka ku Vwaza, akaone njovu ali chikhalire pa tebulo lake akumwa tiyi.

Chinali chaka cha zisankho, ndipo Louis anali atalowa m'gulu la a Mcdonald, munthu wogula fodya amene ankafuna uphungu m'dera lina la kumwera kwa Mzimba ataima payekha. Onse ankangowatcha a shado. Chizindikiro chawo chinali ketulo. Tsiku lina Louis anafika kwa Elube atavala tisheti ya ketuloyo, akumwetulira mopitiriza.

"Adumbu, a shado aiona kalavani yanu. Aikonda chomene. Akuti tiibwereke masabata a kampeni okhawa, azipumiramo pa misonkhano."

"Yayi."

"Simunamve n'komwe..."

"Ndamva. Ndati yayi. Misewu ya kumudzi ndi mabampu ake aja? Anyamata anu oledzera aja? Usadzandifunsenso, Louis."

Louis anaseka, nati nkhani yatha.

Patapita masiku ochepa, mwana wa Elube, Lusungu, amene anakwatiwa ku Edingeni, anagonekedwa pa chipatala cha Embangweni. Anali ndi pakati potopa, miyendo itatupa, ndipo madokotala anati adikirire pomwepo mpaka atachira. Elube ananyamula mapoto ndi mphasa kukamudikirira. Kiyi wa kalavani anamangirira pa nsonga ya chitenje chake. Kiyi wa geti anasiyira mkazi wa Louis kuti azidzathirira ndiwo za m'dimba la kuseri.

Loweruka lina m'mawa, Elube ali pa msika wa Embangweni kugula tomato ndi nkhuni, anamva nyimbo zikugunda kuchokera ku msewu wa ku boma. Fumbi linafika patsogolo, kenaka njinga zamoto, kenaka lole yodzaza amayi ovala zitenje za ketulo. Pambuyo pake panali pikiapu ya Louis ikukoka chinthu chachikulu cha mtundu wa biringanya. M'mbali mwake munali nkhope ya a Mcdonald, yojambulidwa ndi penti kuchokera pansi mpaka pamwamba, mano onse pamtunda. Padenga panali masipika akuluakulu, ndipo pakati pa masipikawo anyamata ankavina, akudumpha ndi kupondaponda.

Elube anayang'ana ngati mmene ankayang'anira wina aliyense, mpaka chinthucho chinafika pafupi. Pa windo lina panali katani ikukupiza panja. Inali ya maluwa achikasu, yopinda kawiri m'munsi. Anaisoka yekha.

Tomato anagwa. Mayi wogulitsa anamuitana kuti atenge chenji, koma Elube anali atalowa kale m'fumbi, akuthamanga mmene anali asanathamangirepo chibwerere ku Joni. Patapata imodzi inaduka, anaitaya n'kuvulanso inzake.

Msonkhano unali pa bwalo la mpira. Pamene Elube ankafika, ovina ingoma anali atayamba kale kuponda, zishango m'manja, anthu atawazungulira. Pikiapu inali itaima kumbuyo kwa mipando ya akuluakulu, kalavani ikadali yokoleka. Louis anali kutsogolo, akukonza mipando ndi kuwerama kwa aliyense wovala jekete. Palibe amene anamuona Elube. Munthu woyendetsa zokuzira mawu anali atatuluka m'kalavanimo kukaonera gule, chitseko atachisiya pululu. Loko wa chitsekocho anali ataswedwa ndi chitsulo, akulendewera pa sikuluwu imodzi.

Elube analowa, nakoka chitseko, nakankha kachitsulo kotsekera mkati. Kameneko anali asanakathyole.

Anaima pakati, akupuma mwawefuwefu, n'kumayang'ana. Pansi panali matope ouma, mabotolo ndi makoko a nthochi. Makushoni kunalibe. Kambaula ka gasi anali atakazula, paipi yake itangodulidwa, kuti apeze poika mabokosi a zitenje. Zitseko za timakabati zina zinali zitathothoka ndi mabampu, chimodzi chitasweka pakati. Pa tebulo, limene analipaka vanishi mobwereza mpaka ankadzionerapo nkhope, anali atabowolapo chibowo chodutsitsira mawaya, ndipo chimakina cha zokuzira mawu chinali pomwepo, chikutentha. Mu sinki wina anali atasanziramo.

Kenaka anakweza maso. Denga linali litalowa mkati ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe. Mabawuti ogwira masipika anali atalibowola n'kutulukira mkati, ndipo m'mbali mwa bawuti iliyonse munkalowa kuwala kwa dzuwa.

Elube sanalire. M'makutu mwake mokha ndimo munkalira ngati muli njuchi.

Panja gule anatha, m'manja munawombedwa, ndipo mawu a a Mcdonald anayamba kutuluka m'masipika pamwamba pa mutu wake, mpaka mawindo kunjenjemera. Anapereka moni kwa akuluakulu. Analankhula za feteleza ndi za msewu. Kenaka anafika pa amayi.

"Amayi athu avutika mokwanira! Mayi amakhetsa thukuta, wina n'kubwera kudzakolola. Ine ndikapita ku nyumba ya malamulo, palibe adzagwire katundu wa mayi!"

Amayi a pa lole aja analulutira.

Pa tebulo panali maikolofoni ina ya waya, imene woyendetsa makina uja ankalengezera mumsewu. Elube anaitola, naiuzira. Mpweya wake unamveka bwalo lonse. Za makina otero sankazidziwa, choncho anayamba kuzula mawaya kumbuyo kwake, imodzi, inzake, inzakenso, mpaka mawu a a Mcdonald anaduka pakati pa chiganizo. Anauziranso yake ija. Inali ikugwirabe.

"Monire mose," anatero. "Ine ndine Elube NyaGausi, wa pa boma. Ndili muno m'kalavani imene mukuiona ya mtundu wa biringanyayi. Kalavani imeneyi ndi yanga."

Bwalo lonse linatembenuka.

"Ndinaigula ndekha ku Chikangawa ili khola la nkhuku. Ndinaikonza ndi manja angawa. Anthu awa anabwera kudzandipempha, ine ndinakana. Atamva kuti mwana wanga wagona m'chipatala umo, ndipo ine ndikugona pa simenti kumudikirira, anakatsegula geti langa, anathyola loko, n'kuitenga. A shado, mwati palibe adzagwire katundu wa mayi? Bwerani mudzaone mmene mwagwirira wanga! Bwerani mudzaone masanzi mu sinki yanga!"

Phokoso linabuka. Ena ankaseka, ena ankakuwa, ena ankathamangira ku kalavani. Chitseko chinayamba kugundidwa.

"Adumbu! Adumbu, tsegulani!" Anali Louis.

"Ameneyo ndi mlongo wanga Louis Gausi," anatero Elube m'maikolofoni. "Mimba imodzi. Ndinamubereka kumsana ameneyu. Ndiye wakuba wake. Mumuonetsetse, wavala tisheti ya ketulo, chipewa chofiira..."

Jenereta inali pa pikiapu. Louis anailumphira n'kuizimitsa, masipika anati zii. Koma kuzimitsa jenereta kunatanthauza kuti a shado nawonso alibe mawu. Elube anatsegula windo, natulutsa mutu pafupi ndi diso lamanzere la nkhope yopentedwa ija, n'kupitiriza ndi pakamwa pake. Anthu anali ataunjikana kale pamenepo, mipando ya akuluakulu itatsala yokha. Mayi wina wovala chitenje cha ketulo anasuzumira pa windo lina, naona mkatimo, n'kugwira pakamwa.

"Mwe! Koma anthu inu mulibe chisoni," anatero mayiyo mokweza, ndipo anzake anayamba kukankhana kuti aone nawo.

A Mcdonald anafika akudzipepesera njira. Anali munthu wamfupi, wonenepa, thukuta likuyenderera m'khosi. Anavula chipewa.

"Amama, ndapota, tiyeni tikambirane ngati anthu. Ine sindinadziwe. A Louis anandiuza kuti ndi katundu wa banja, ndipo inu mwapereka ndi manja awiri ngati thandizo lanu pa kampeni."

"Ndi manja awiri? Ndiye loko anathyoleranji? Simunaone loko inu polowa?"

A Mcdonald anayang'ana lokoyo, kenaka anayang'ana Louis. Louis ankayang'ana matayala.

"Chabwino, palakwika. Zonse ndikonza, amama. Ndidzakupentetserani bwinobwino kampeni ikatha. Ingotilolani timalize lero ndi mawa, tili ndi msonkhano wina ku Edingeni..."

"Mudzapenta? Denga limenelo munalipeza lili ndi bowo? Lakhala pa mvula inu musanamere ndevu, osadontha. Mwalibowola tsiku limodzi kuti muzikuwirapo. Mulipenta bowolo? Chotsani zinyalala zanu pa denga langa. Masulani galimotoyo. Ine muno sindituluka, ndipo mukaikoka ndizikuwa pa windo pano msewu wonse mpaka ku Edingeni."

Anthu anaseka, ena anawomba m'manja. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ketulo yawira!" ndipo bwalo lonse linafa nalo phwete. Nkhope ya a Mcdonald inasintha. Anabwezera chipewa kumutu, natembenukira kwa Louis.

"Mwandivula pagulu, a Gausi. Tsitsani masipika. Masulani chinthu chimenechi. Msanga!"

Anyamata anakweranso padenga ndi masipanala. Mabawuti ena anakana kumasuka, ndiye anangogwedeza masipika uku ndi uku mpaka anazuka ndi zidutswa za denga. Elube ali mkati ankamva chitsulo chikung'ambika, ndipo kung'ambika kulikonse ankatukwana mawu amene anaphunzira ku Joni, amene akulu a mpingo wake akanawamva akanamuimitsa mgonero. Makina ndi mabokosi a zitenje anawaponyera yekha panja kudzera pa chitseko, osasamala pogwera.

Louis atamasula chokokera anabwera pa chitseko. Maso ake anali ofiira.

"Mwakhutira? Mwandichotsa ulemu pamaso pa anthu onsewa chifukwa cha chitini? Ndikanakubwezerani. Ndimafuna munthu uyu akawina tonse tidye bwino, inunso."

"Kambaula kanga kali kuti?"

"Kambaula?"

"Ka gasi. Ndi makushoni anga."

"Sindikudziwa. Mwina anyamata..."

Pansi pa tebulo panali patatsala ketulo yaikulu ya aluminiyamu, imene ankaikweza m'mwamba pa misonkhano. Elube anaitola n'kuiponya ndi mphamvu zake zonse. Louis anazinda, ketulo inakamenya chitseko cha pikiapu n'kuchipindira mkati. Louis anatembenuka. Analowa m'galimoto, ndipo gulu lonse linanyamuka kulowera ku Edingeni, msonkhano utathera panjira.

Anthu anabalalika pang'onopang'ono. Elube anatsala pakati pa bwalo la mpira, wopanda nsapato, ndi kalavani yopanda choikoka. Apo m'pamene anakumbukira kuti Lusungu sanadye. Anaimbira foni mkamwini wake Tumbikani, mwamuna wa Lusungu, amene anali atabwera m'mawa womwewo kudzaona mkazi wake.

Tumbikani anafika, nazungulira kalavaniyo, napukusa mutu. Anali munthu wosalankhulalankhula.

"Amama, galimoto yokhala ndi chokokera kuno sitiipeza lero. Koma asibweni anga, alongo awo a amayi anga, ali tsidya ilo la dambo. Ali ndi ng'ombe za ngolo."

Dzuwa likupendeka, ng'ombe ziwiri zakuda zinafika ndi goli ndi unyolo. Anamangirira unyolo ku chitsulo cha kutsogolo, Tumbikani ndi asibweni ake atagwirizira kuti chisakhule pansi, ndipo kalavani inayamba kuyenda pang'onopang'ono kudutsa pa msika, nkhope ya a Mcdonald ikumwetulira mavenda. Anthu anatuluka m'mashopu. Tumbikani anauza apongozi ake kuti akwere mkati apumitse mapazi. Elube anakana. Anayenda pambuyo, dzanja lili pa khoma la kalavani, ndipo aliyense amene anayesa kuseka ankati akakumana ndi maso ake, n'kutseka pakamwa.

Lusungu anachira patapita masiku angapo, mwana wamkazi, onse ali bwino. Elube anasangalala, anavina m'khonde la chipatala, koma mkwiyo sunachoke. Unangodikira. Louis sanabwere kudzaona mwanayo. Anatumiza mkazi wake ndi sopo ndi thewera. Elube analandira mphatsozo m'malo mwa Lusungu, kenaka anatambasula dzanja.

"Kiyi wa geti langa, mulamu."

"Alamu, ine anangondiuza kuti mwavomera pa foni..."

"Kiyi."

Kalavani inabwerera ku boma pa lole ya a Cedric, amene atamva nkhaniyo anapatuka ulendo wawo wa matabwa kudzainyamula. A Feston ataiona anafikira kukhala pa njerwa. Kenaka anakwera makwerero, nayang'ana denga, natsika.

"Tikhoza kuliwongola ndi kumata zigamba," anatero. "Silidontha. Koma zigambazo zizioneka, mama. Kubwerera mmene linalili, iyayi."

"Nanga penti?"

"Ndi ya mafuta, apaka mosanjikiza. Tipala mpaka pa chitsulo, yathu ija ipita nayo limodzi. Tiyambiranso."

Achibale anayesa kuwayanjanitsa. Asibweni awo, mchimwene wa malemu mayi awo, anabwera kuchokera kumudzi n'kukhala pa khonde la Elube tsiku lathunthu. Anati magazi ndi magazi, chitsulo sichidzakuika m'manda, ndipo mwana wamkazi sanyoza mlongo wake pa chimkuzamawu anthu a mafuko ena akumva. Elube anawaphikira tiyi, anawamvetsera mpaka kumapeto.

"Asibweni, mwapita kale kwa Louis kukamuuza kuti mwana wamwamuna sathyola loko wa mlongo wake?"

"Kumeneko ndipitanso."

"Yambani kumeneko. Mukabwereko ndi kambaula kanga, mbwenu tidzakambe za magazi."

Asibweni anapita, kambaula sikanabwere.

Chimene chinamupweteka kwambiri Elube chinachitika pa tsiku la zotsatira. A Mcdonald anapambana. Anthu ankati nkhani ya kalavani ndiyo inawatchukitsa, chifukwa kanema wojambulidwa pa foni tsiku lija anazungulira dera lonse, ndipo ngakhale agogo a kumidzi yakutali amene sankadziwa dzina la shado aliyense ankadziwa za ketulo imene inawira pa Embangweni. Ena ankati munthuyo anaonetsa kudzichepetsa povula chipewa pamaso pa mayi. Elube atamva zimenezi anazimitsa wailesi n'kukatenga chopalira chake.

Patatha milungu ingapo, Louis anafika pa geti. Anali atavala jekete yatsopano, ndipo chitseko cha pikiapu chinali chitawongoledwa. Elube ndi a Feston anali pa kalavani, akupala. Elube sanatsegule geti, choncho Louis analankhula ali panja, zala zitagwira mawaya.

"Adumbu, zakale zapita. Ndabwera ndi uthenga wabwino. Olemekezeka akuti kalavaniyi inawabweretsera mwayi. Akufuna aigule, ikakhale pa nyumba pawo ngati chikumbutso. Akuti mutchule mtengo uliwonse. Koma musapitirize kupala nkhopeyo, akuifuna mmene ilili."

Elube anatsika pa benchi imene anaimapo, nayenda mpaka pa geti, chopalira chili m'manja. Louis anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Wabwera kudzapepesa?"

"Ndabwera ndi mwayi, adumbu. Mukhoza kugula ina yabwino kuposa iyi, ya ku Joni yeniyeni."

"Louis, ndakufunsa. Wabwera kudzapepesa?"

Louis anayang'ana kumbali, nakanda m'khosi. "Tonse tinalakwitsa tsiku lija."

"Choka pa geti langa. Ukawauze olemekezeka ako kuti akafuna chikumbutso akatole ketulo yawo pa bwalo la mpira. Ndipo iwe ukadzapondanso pano ine kulibe, nkhani yake tikakambira ku polisi, osati kwa asibweni."

Louis analowa m'galimoto n'kupita. Elube anayang'ana chokokera chija kumbuyo kwa pikiapu mpaka galimoto inakhota. Anabwerera kwa a Feston.

"Muli ndi jeke?"

"Ndingabwereke kwa amakanika. Mukufuna kutani?"

"Tichotse matayala."

"Mama, matayala munawavutikira aja? Ndiye iziyenda bwanji?"

"Ikadzafuna kuyenda ndidzawabwezera ndekha. Katengeni jeke."

Anaikweza, naikhazika pa zitsa za bulugamu, namasula matayala onse. Elube anawagubuduza yekha kudutsa pa khonde ndi pabalaza mpaka kuchipinda kwake, nawagoneka kunsi kwa bedi. A Feston ankangopukusa mutu, koma sanamuletse.

Atasamba m'manja anamwa madzi, nakweranso pa benchi ija. Mbali ya kumanja inali itayera kale mpaka pa chitsulo. Kumanzere kunali kutatsala khutu limodzi ndi theka la chipumi cha a Mcdonald. Elube anayambira pa khutu.